Kodi munthu ungasangalale pantchito, kapena ndi zongopirira basi? Mafunso ndi mayankho

Awa ndi mafunso omwe anthu amandifunsa pafupipafupi tikayamba kucheza za ntchito, ena angolembedwa kumene mwezi watha, ena agwira zaka 20 ndipo atopa mpaka m'mafupa. Ndayankha mmene ndikuonera ineyo, pena ndatchulako zomwe akatswiri anapeza chifukwa zambiri zomwe timaganiza kuti tikuzimva tokha anthu anazifufuza kalekale.

Likamafika Lamlungu madzulo mtima umayamba kundiwawa poganiza za mawa. Ndi ine ndekha?

Ayi simuli nokha, muli ambiri kuposa mmene mukuganizira. Kampani ya Gallup imafunsa anthu apantchito m'mayiko opitirira 100 chaka ndi chaka, ndipo mu 2024 inapeza kuti anthu 21 okha pa 100 alionse ndi omwe amagwira ntchito ndi mtima wonse, mu 2023 anali 23. Ambiri mwa otsalawo amangopita, kugwira zomwe awuzidwa n'kumadikira nthawi yoweruka, ndipo pali kagulu kena komwe kafika poipidwa nayo ntchitoyo. Nde mukamaona ngati aliyense pamalopo ali bwinobwino kupatula inu, dziwani kuti ambiri amangodziwa kubisa.

Koma musiyanitse zinthu ziwiri. Pali ulesi wa Lolemba wamba uja, woti wikendi inakoma thupi silikufuna kudzuka koma ukangofika n'kuyamba kugwira, pofika 10 koloko waiwala. Ndiye pali mantha enieni, tulo osabwera, m'mimba kutentha, kungoona dzina la abwana pa foni manja n'kuyamba kunjenjemera. Choyambacho n'cha aliyense. Chachiwiricho musachizolowere.

Tisanamizane, nkhani si ndalama basi? Atandikwezera salale zonsezi sizingathe?

Ndalama ndi nkhani yaikulu ndithu, ndipo ine sindigwirizana nawo anthu omwe amauza munthu woti malipiro ake amatha mwezi uli pakati kuti chimwemwe chili mumtima. Munthu ali ndi ngongole, lendi sanalipire, mwana akudwala, mtendere pantchito aupeza bwanji ngakhale ntchitoyo itakoma chotani?

Mu 2010 Daniel Kahneman ndi Angus Deaton anaunika mayankho opitirira 450,000 a anthu ku America n'kupeza kuti chisangalalo cha tsiku ndi tsiku chimakwera limodzi ndi ndalama mpaka pa madola pafupifupi 75,000 pachaka, kupitirira pamenepo sichimakweranso. Nkhaniyi inafala kwambiri mpaka anthu amangoitchula ngati lamulo. Kenako mu 2021 Matthew Killingsworth anapeza zosiyana, zoti chimapitirirabe kukwera. M'malo mokangana patali Kahneman ndi Killingsworth anakhala pansi limodzi ndi Barbara Mellers kuonanso manambala onse, ndipo mu 2023 anatulutsa zoti kwa anthu ambiri ndalama zikamachuluka chisangalalo chimakwerabe, koma kwa kagulu ka anthu omwe ndi osasangalala kwambiri kuthandiza kwa ndalama kumakathera penapake. Ine ndimazimva chonchi, ndalama zimachotsa mavuto omwe amafuna ndalama, koma ngati chikukudya ndi china, kaya chisoni kaya kunyozedwa tsiku ndi tsiku, salale sikafikako kumeneko.

Palinso Frederick Herzberg yemwe mu 1959 anatulutsa zomwe anapeza atafunsa mainjiniya ndi ma akauntanti pafupifupi 200 ku Pittsburgh kuti afotokoze nthawi yomwe anamva bwino kwambiri pantchito komanso yomwe anamva kuipa kwambiri. Chodabwitsa n'choti mayankho awiriwa sankakamba zinthu zofanana. Pokamba zoipa ankatchula malamulo a kampani, kayang'aniridwe, malo ogwirira ntchito, malipiro. Pokamba zabwino ankatchula tsiku lomwe anakwanitsa chinthu chovuta, tsiku lomwe anayamikiridwa, kupatsidwa udindo, ntchito yeniyeniyo. Zili ngati dzino, likasiya kuwawa umasiya kubuula koma sizitanthauza kuti wayamba kuvina. Ena anamutsutsa kuti munthu mwachibadwa zabwino amadzitamanda nazo yekha, zoipa n'kuloza ena, ndipo mfundo imeneyo ili ndi mutu, komabe aliyense yemwe anakwezedwapo salale akudziwa kuti mwezi woyamba umasangalala, pofika wachinayi bajeti yakula kale ndipo abwana aja akadali omwewo.

Nde menyerani malipiro oyenera, musachite nazo manyazi. Kungoti musayembekezere kuti akonza zonse.

Nanga ngati si ndalama zokha, chimapangitsa munthu kukonda ntchito n'chiyani kwenikweni?

Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse kwa ine. Edward Deci ndi Richard Ryan a ku yunivesite ya Rochester atha zaka zambiri akufufuza zimenezi ndipo amati munthu amafuna zinthu zitatu, kukhala ndi mawu pa mmene akugwirira ntchito yake, kumva kuti akuitha ndipo luso lake likukula, komanso kumva kuti ali pakati pa anthu omwe amamuwerengera. Zikumveka zazing'ono koma tayesani kuyeza ntchito iliyonse yomwe munaikondapo kapena kudana nayo, mupeza kuti chimodzi mwa zitatuzi chinalipo chambiri kapena chinasowa.

Choyambacho, cha kukhala ndi mawu, chimafika mpaka pa thanzi. Ku London akatswiri anatsatira anthu ogwira ntchito m'boma kwa zaka zambiri pa kafukufuku wotchedwa Whitehall, woyamba unayamba mu 1967 ndi amuna pafupifupi 18,000. Anthu ankaganiza kuti matenda a mtima amagwira mabwana chifukwa cha sitiresi ya udindo, koma zinapezeka mosemphana, a pansi kwambiri monga mamesenjala ndi olondera pakhomo ankamwalira mochuluka pafupifupi katatu kuposa a pamwamba, chonsecho onsewa anali ndi ntchito yokhazikika komanso chipatala cha boma chomwecho. Kafukufuku wachiwiri womwe anatsogolera Michael Marmot kuyambira 1985, wa amuna ndi akazi pafupifupi 10,000, unasonyeza kuti china mwa zifukwa zake ndi kusowa ulamuliro pa ntchito yako, zoti zofuna kwa iwe ndi zambiri koma ulibe mawu pa nthawi, pa njira, pa chilichonse. Ine ndinagwirapo pamalo ena pomwe ankalipira bwino ndithu koma ngakhale kalata ya mizere itatu imayenera kudutsa m'manja mwa anthu atatu isanatuluke, ndipo ndinkaweruka nditatopa kwambiri kuposa pamalo pomwe ntchito inali yochuluka kawiri koma ankandisiya kuti ndiione ndekha.

China ndi kuona kuti zinthu zikusuntha. Teresa Amabile ndi Steven Kramer anapempha anthu 238 a m'makampani 7 kuti tsiku lililonse azilemba mmene layendera, zolembazo zinakwana pafupifupi 12,000, ndipo chomwe chinkapezeka kwambiri pa masiku omwe anthu anasangalala sichinali bonasi kapena phwando ayi, chinali kupita patsogolo pa ntchito yomwe amaiona kuti ndi yofunika, ngakhale pang'ono chabe. Tsiku lomwe ntchito inabwerera mmbuyo, mwina abwana asintha maganizo zomwe munagwira sabata yonse zatayidwa, linkapweteka kwambiri kuposa mmene tsiku labwino linkakomera.

Amati tsatira chomwe mtima wako umakonda. Nanga ine woti sindikudziwa chomwe ndimakonda nditani?

Malangizo amenewa ine ndimaona kuti asokoneza achinyamata ambiri. Amakupangitsa kuganiza kuti kwinakwake kuli ntchito imodzi yolembedwa dzina lako ndipo tsiku loipeza zonse zidzangoyenda myaa, nde ukakumana ndi chovuta choyamba umati iyi si yanga, n'kudumphira ina, inanso chimodzimodzi, ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Mu 2018 Paul O'Keefe, Carol Dweck ndi Gregory Walton anayesa zimenezi pa ana asukulu a ku yunivesite. Anawaonetsa kavidiyo kosangalatsa ka sayansi ya zakuthambo, onse anachita nako chidwi, kenako anawapatsa nkhani yovuta ya akatswiri pa mutu womwewo. Chidwi chinatsika kwambiri mwa omwe ankakhulupirira kuti chomwe umakonda umangochipeza chili chopsa kale, kusiyana ndi omwe ankakhulupirira kuti chimakula ukamachilimira.

Tafunsani makanika kapena telala kapena nesi yemwe amakonda ntchito yake ngati anaikonda mwezi woyamba. Ambiri anena kuti poyamba zinali zowawa, zolakwitsa zokhazokha, kukalipiridwa, chikondi chinabwera manja atazolowera, tsiku lomwe anangomva kulira kwa injini n'kudziwa vuto asanatsegule. Nde ngati simukudziwa chomwe mumakonda, sankhani chomwe chimakukokani ngakhale pang'ono, chomwe anthu angakulipireni, n'kuchipatsa nthawi yokwanira kuti muchidziwe bwino musanachiweruze.

Ndichenjezenso omwe anaipeza kale ntchito ya pamtima. Stuart Bunderson ndi Jeffery Thompson anafufuza anthu osamalira nyama m'malo osungira nyama zakutchire ku America ndi Canada, zomwe anatulutsa mu 2009. Anthuwa ambiri ndi ophunzira, malipiro ndi ochepa, ntchito yake ndi yokolopa ndowe, koma amaikonda ngati anabadwira imeneyo. Vuto n'loti omwe ankaikonda kwambiri ndi omwenso anali okonzeka kulolera malipiro ochepa ndi kutaya nthawi yawo yopuma, ndipo munthu wotero ndi wosavuta kumudyera masuku pamutu. Aphunzitsi, anamwino ndi ogwira m'mabungwe othandiza anthu akuzidziwa bwino zimenezi.

Ntchito yanga anthu amainyoza, ndine wokolopa. Za tanthauzo la ntchito si za anthu a m'maofesi zimenezo?

Ayi, ndipo kafukufuku wina wodziwika kwambiri pankhaniyi anachitira pa anthu okolopa m'chipatala. Amy Wrzesniewski ndi Jane Dutton anapeza kuti pa anthu ogwira ntchito imodzimodzi, malipiro ofanana, ena ankaifotokoza monga mmene inalembedwera pa pepala, kusesa, kukolopa, kutaya zinyalala, pomwe ena ankadziona kuti ali m'gulu lochiritsa odwala. Awa achiwiriwa ankadziwa wodwala yemwe sanabwerepo womuzonda n'kumacheza naye, ankasankha nthawi yokolopa yoti asasokoneze, wina mpaka ankasinthasintha zithunzi za pakhoma mu wodi ya anthu okomoka poganiza kuti mwina kusinthako kungawathandize. Palibe anawatuma zimenezo.

Wrzesniewski yemweyo mu 1997 analemba kuti anthu amaiona ntchito m'njira zitatu, ena ngati popezera ndalama, ena ngati makwerero opitira pamwamba, ena ngati maitanidwe, ndipo ngakhale pakati pa masekilitale ogwira ntchito yofanana anagawikana pafupifupi mofanana m'magulu atatuwa. Dzina la ntchito si lomwe limagamula.

Chomwe chimathandiza kwambiri ndi kumuona ndi maso munthu yemwe thukuta lanu limamufikira. Adam Grant anayesa izi pa anthu omwe ntchito yawo inali kuimba mafoni kupempha thandizo la ndalama za yunivesite, ntchito yoti anthu ambiri amakudulira foni. Ena mwa iwo anawakumanitsa kwa mphindi zisanu zokha ndi mwana wasukulu yemwe amaphunzira ndi ndalama zimenezo, patatha mwezi nthawi yomwe ankakhala pa foni komanso ndalama zomwe ankapeza zinakwera kuposa kawiri.

Koma ndinene mosabisa, zimenezi si chilolezo choti olemba ntchito azilipira wokolopa zochepa n'kumamuuza kuti ntchito yake ndi yodalitsika. Ulemu ndi malipiro oyenera ndi ngongole yomwe iwo ali nayo kwa inu.

Sindingasiye panopa. Pali chomwe ndingasinthe ndili pompano?

Chilipo, ndipo nthawi zambiri ndi chochuluka kuposa mmene munthu wotopa amaonera. Yambani ndi kakope. Kwa masabata awiri, mukaweruka lembani mizere iwiri, chomwe chinakupatsani mphamvu lero ndi chomwe chinakuyamwani. Musadalire kukumbukira chifukwa mutu wotopa umangoti zonse ndi zoipa. Pakutha pa masabata awiriwo ambiri amadabwa kuona kuti si ntchito yonse yomwe amadana nayo, ndi miting'i ya Lachiwiri ija, kapena lipoti limodzi, kapena munthu mmodzi.

Mukadziwa, yambani kusuntha zing'onozing'ono. Mwina pali mnzanu yemwe amakonda zomwe inu mumadana nazo ndipo mutha kusinthana. Mwina mumakonda kuphunzitsa, nde pemphani kuti obwera kumene azidutsira kwa inu. Mwina ntchito yofuna kuganiza mumaigwira masana mutatopa pomwe mutha kuyamba nayo mmawa musanatsegule ma imelo. Popita kwa abwana musapite ndi dandaulo lokha, pitani ndi pempho looneka bwino komanso phindu lake kwa iwowo, muwauze kuti bwana, ndiloleni ndiyese njira iyi kwa mwezi umodzi, zikapanda kuyenda tibwerera zakale. Mabwana ambiri amakana kusintha kwa muyaya koma kuyesa kwa mwezi savuta nako.

Ntchito yanga siyovuta, kungoti ndi yomweyomweyo tsiku ndi tsiku mpaka ndimaona ngati mutu ukuchita dzimbiri.

Mihaly Csikszentmihalyi anacheza ndi ojambula, madokotala a opaleshoni, osewera chess ndi okwera mapiri pofuna kumvetsa nthawi ija munthu umamira mu zomwe ukuchita mpaka osadziwa kuti dzuwa lapendeka. Anapeza kuti zimachitika ntchito ikakhala yolingana ndi luso lako kapena kuliposa pang'ono, cholinga chikudziwika, ndipo ukuona pompopompo ngati ukulondola kapena ukuphonya. Ikakukulira kwambiri umachita mantha, ikakuchepera umaboweka. Inuyo luso lakula koma ntchito yatsalira mmbuyo. Pemphani gawo lovutirapo, phunzirani makina kapena pulogalamu yomwe ena amaithawa, chitani kosi. Ngati mwayesa zonse ndipo pamalopo palibenso choti muphunzire, chimenecho ndi chifukwa chomveka choyambira kuyang'ana kwina ngakhale palibe anakulakwirani.

Abwana anga ndi ovuta kwambiri. Ndipirire?

Zimatengera kuti kuvuta kwake ndi kotani. Pali bwana wofuna zambiri, wosayamika msanga, wosinthasintha, ameneyo mutha kuphunzira kukhala naye. Muzimufunsa kuti pa zinthu zisanu mwandipatsazi choyamba chikhale chiti, zomwe mwagwirizana pakamwa muzizitsimikiza pa meseji kapena imelo kuti mawa zisatembenuke, ndipo muzimuuza mmene zikuyendera asanakufunseni.

Ndiye pali bwana wonyoza pagulu, woopseza, wokugwiragwira kapena kukufuna zachisembwere kuti akukwezeni. Ameneyo si wovuta, ndi wankhanza, ndipo mu 2019 bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO linavomereza pangano nambala 190 lomwe limanena kuti aliyense ali ndi ufulu wogwira ntchito popanda nkhanza ndi kuzunzidwa. Lembani tsiku, nthawi, zomwe zinanenedwa ndi omwe analipo, sungani ma meseji pamalo poti si pa kompyuta ya kuntchito, kenako pitani ku HR (ofesi yoona za antchito pakampanipo), ku yuniyoni ngati ilipo kapena ku ofesi ya boma yoona za ntchito. Musalimbane nazo nokha, mutu umodzi susenza denga, ndipo kawirikawiri mukayamba kulankhula mumapeza kuti simunali oyamba.

Ndidziwa bwanji kuti ndi kutopa wamba kapena ndi burnout yomwe imanenedwayi?

Kutopa wamba kumatha ukagona bwino kapena ukapita pa holide. Burnout umabwera ku holide tsiku loyamba lomwelo uli ngati sunapume. Mu 2019 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linaiika m'buku lake la mndandanda wa matenda lotchedwa ICD-11, osati ngati matenda koma ngati vuto lochokera ku sitiresi ya kuntchito yomwe yakhalitsa osathetsedwa, ndipo linatchula zizindikiro zitatu, kutheratu mphamvu, mtima kutalikirana ndi ntchito mpaka kumangoiona moipa, komanso kulephera kugwira bwino ngati kale. Chachiwiricho ndi chomwe chimandimvetsa chisoni kwambiri chifukwa chimagwira anthu omwe poyamba anali odzipereka, nesi yemwe ankalira ndi odwala n'kufika pomawaona ngati manambala a bedi, iye mwini n'kumadzida kuti ndasanduka munthu wotani.

Christina Maslach, yemwe wafufuza nkhaniyi kuyambira zaka za m'ma 1970, pamodzi ndi Michael Leiter amaloza malo 6 omwe zimayambira, kuchuluka kwa ntchito, kusowa ulamuliro, kusalandira mphotho kapena kuyamikiridwa, kusagwirizana ndi anzako, kukondera, ndi kukakamizidwa kuchita zosemphana ndi chikumbumtima chako. Taonani kuti zonsezi ndi za pamalo pantchito, si zoti munthuyo ndi wofooka. N'chifukwa chake zimandipweteka kampani ikamapanikiza anthu kenako n'kuwaitanira semina ya mmene angapumire mpweya.

Maola nawo musawaderere. WHO ndi ILO mu 2021 anatulutsa zoti mu 2016 anthu pafupifupi 745,000 anamwalira ndi sitiroko komanso matenda a mtima chifukwa chogwira ntchito maola 55 kapena kuposa pa sabata. Poyerekeza ndi wogwira maola 35 mpaka 40, chiopsezo cha sitiroko chimakwera ndi 35 peresenti ndipo chomwalira ndi matenda a mtima ndi 17 peresenti. Ngati tulo tasowa kwa masabata, simukudya, mwayamba kudalira mowa kuti mugone, kapena mukubwera maganizo oti bola kufa, musadikire, kaonaneni ndi dokotala kapena mlangizi lero lomwe ndipo muuzeni munthu yemwe mumamukhulupirira.

Nde ndisiye liti?

Musanalembe kalata dzifunseni kuti chomwe mukuthawa n'chiti, bwana, kampani, kapena mtundu wa ntchitoyo. Anthu ambiri amasokoneza zitatuzi. Wina amasiya uphunzitsi wonse chifukwa cha hedi mmodzi pomwe kusamukira sukulu ina kukanakwana, wina amasintha makampani kanayi koma paliponse akudandaula zomwezo chifukwa ndi ntchito ya akauntiyo yomwe saifuna. Kakope kaja kakuthandizani apa.

Musasiye tsiku lomwe mwapsa mtima. Ngati zingatheke pezani kaye kwina kapena sungani ndalama zoti zikusungeni miyezi ingapo, fodya wako ndi uyo ali pamphuno, ndipo munthu wofunsira ntchito ali ndi njala amavomera chilichonse n'kukagweranso m'dzenje lomwelo. Werenganinso kontirakiti yanu muone notisi ndi ya masiku angati komanso zomwe muyenera kulandira potuluka, ndipo tulukani mwaulemu chifukwa anthu omwewo mudzawafuna pa kalata ya umboni. Izi zonse zimagwa ngati pali nkhanza kapena thanzi lafika poipa, pamenepo tulukani kaye zina muziona muli kunja.

Posaka kwina musangodalira kutumiza ma CV. Mark Granovetter atafunsa anthu omwe anali atangosintha ntchito kufupi ndi Boston, zomwe analemba mu 1973 ndi 1974, anapeza kuti ambiri omwe anaipeza kudzera mwa munthu sanamve kwa mnzawo wapamtima koma kwa munthu yemwe ankangoonana naye mwa apo ndi apo. Zimamveka, anzanu apamtima amadziwa zomwe inunso mukuzidziwa kale. Nde muimbireni uja munaphunzira naye kalekale, uja munagwira naye ntchito zaka zisanu zapitazo. Ndipo pa intavyu nanunso funsani, yemwe anali pa mpandowu anachokeranji, anthu amaweruka nthawi yanji zenizeni, ndani adzagamule za ntchito yanga.

Ine sindinalembedwe, ndimapanga geni yanga. Zimenezi zikundikhudza?

Kwambiri, ndipo muli ambiri, ILO inanena mu 2018 kuti anthu pafupifupi 2 biliyoni, kuposa 60 peresenti ya onse ogwira ntchito padziko lapansi, ali m'ntchito zosalembetsedwa. Inu ufulu muli nawo wambiri, palibe wokuuzani nthawi yofika, koma mumalipira ndi zina, ndalama zosadziwika kuti mawa zibwera, kusowa tchuthi, kusungulumwa, ndiponso makasitomala omwe aliyense amasanduka bwana. Dziikireni tsiku lopuma ngati mmene akanakupatsirani olemba ntchito, patulani ndalama za bizinesi ndi za pakhomo kuti muzitha kuona ngati mukupita patsogolo, chifukwa kusaona kusuntha kuja kumafoola ngakhale geni ikuyenda, ndipo pezani anzanu a ntchito yofanana oti muzidandaulirana ndi kuphunzitsana.

Anzanga omwe ndinaphunzira nawo onse ali patali, ndikatsegula Facebook kapena LinkedIn ndimangodziona wolephera.

Palibe amaika chithunzi cha tsiku lomwe anakalipiridwa pamaso pa anthu kapena cha loni yomwe anagulira galimotoyo. Koma nsanjeyo musangoitaya, ifunseni. Ngati mumapwetekedwa ndi aliyense yemwe wakwezedwa, kumeneko ndi kufanizira chabe, chepetsani kutsegula. Ngati mumapwetekedwa ndi mtundu umodzi wokha wa anthu, tinene omwe anabwerera kusukulu kapena omwe anayamba zawozawo, mwina mtima ukukuuzani chomwe mukufuna inuyo.

Kodi ndikulakwa ngati kwa ine ntchito ndi popezera ndalama basi, chimwemwe changa chili kwina?

Simukulakwa ngakhale pang'ono. Masiku ano pali kakamizo koti aliyense aziikonda ntchito yake ngati mwana wake, ndipo ena amadzimva olephera chifukwa choti amangoigwira bwino n'kupita kwawo. Munthu wogwira mokhulupirika, wolandira zake, woweruka ali ndi mphamvu zotsalira za ana ake, mpingo wake, mpira wake kapena dimba lake, ameneyo ali pabwino kuposa ambiri omwe ali ndi maudindo akuluakulu. Kafukufuku wa ku Harvard yemwe anayamba mu 1938 ndi kutsatira amuna 724 moyo wawo wonse, ena ophunzira pa yunivesiteyo ena anyamata a m'madera osauka a Boston, anapeza kuti chomwe chinkalosera bwino thanzi ndi chisangalalo cha munthu atakalamba ndi ubale wake ndi anthu, kuposa chuma kapena kutchuka.

Chofunika n'choti ntchitoyo ikusiyireni moyo wina uja, ndipo nkhondo imeneyi ndi yakale. Pangano loyamba lenileni la ILO mu 1919 linali la maola, 8 patsiku ndi 48 pasabata m'mafakitale, anthu anachita kumenyera zimenezo. Lero foni yabweza ofesi m'thumba mwathu mpaka kuchipinda, moti ku France kuyambira 2017 makampani a anthu 50 kapena kuposa amayenera kukambirana ndi antchito awo za ufulu wozimitsa mafoni ndi ma imelo a kuntchito akaweruka. Ku UK mu 2022 makampani 61 anayesa sabata ya masiku anayi osadula malipiro kwa miyezi 6, ndipo 56 anapitiriza atamaliza kuyesako.

Kwanu mwina lamulo lotero kulibe, koma mutha kuyamba ndi pang'ono. Auzeni abwana ndi anzanu, masana zinthu zili bwino osati pokangana, kuti ikakwana nthawi yakuti simukhala pa foni ya ntchito pokhapokha zitakhala zadzidzidzi, ndipo mugwirizane kuti zadzidzidzi ndi ziti komanso kuti zikatero aziimba osati kulemba meseji. Sabata yoyamba ena adandaula ndipo inu nomwe dzanja lizikuyabwani kufuna kuyankha, ikani foniyo chipinda china. Mmawa muziyankha zonse msanga kuti aone kuti palibe chomwe chagwa.